Sabata yomwe ndinatuma abwana

Lolemba

M'mawa. Chifunga kuchokera ku Luwinga mpaka m'tauni, Juni wa ku Mzuzu sanama. Ndafika pa ofesi seveni isanakwane, ndapeza mlonda yekha. Zala zakongwa, koma mtima ukutentha.

Nkhani ndi iyi. Lachisanu kukubwera mayi Kachingwe ochokera ku likulu lathu ku Lilongwe. Akudzaona zinthu ziwiri: ngati ofesi ya Mzuzu yayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yatsopano yoyendetsera ntchito pa kompyuta, komanso ngati intani wa pano, ndiye ineyo, ndi woyenera kulembedwa ntchito yeniyeni. Kontirakiti yanga ikutha mwezi uno. Akandilemba, ndine ofisala. Akapanda kundilemba, ndinyamula digiri yanga kubwerera ku Mponela kukayeza shuga mu golosale ya amalume. Zaka ziwiri ndinayeza shuga ameneyo ndisanapeze mwayi uno. Sindibwererako.

Kabungwe kathu kamamanga zimbudzi m'masukulu a pulaimale. Zimbudzi khumi ndi ziwiri, masukulu atatu. Zomwe zatha: ziwiri. Zinazo ndi maenje, mwadzaza madzi ndi achule.

Pulogalamuyi inabwera mu Febuluwale, palibe anaitsegulapo. A Mkandawire, abwana athu, anasindikiza imelo ya ku likulu, naiika mu fayilo, fayilo mu kabati. Ntchito pano imayendera m'mutu mwawo ndi m'buku lachikuto cholimba la mayi Phiri, mlembi wathu, amene akhala pa desiki lomwelo kuyambira ine ndili sitandade thuu.

Ndapempha laputopu. Abwana avomera m'Chitumbuka chawo, "Enya, mwana wane, sewera nayo." Sewera!

Masana. Ndatsegula. Pamwamba pa sikirini pali mzere wa timabatani ting'onoting'ono, topanda mawu, tizithunzi tokha. Ndikudina kamodzikamodzi:

- kamtanda: kulemba ntchito yatsopano
- kakalendala: tsiku loti ithe
- kamutu ka munthu, kopanda maso: mwini ntchitoyo
- kambendera: yachangu kapena ayi
- kabelu: chikumbutso
- kaloko: sindikudziwa
- kagiya ndi kabini: n'totuwa, sitikudinika, ndi ta akuluakulu a ku Lilongwe
- timadontho titatu: ukadina mumatuluka timabatani tina, ndipo kumapeto kwake kuli timadontho tinanso titatu

Zaka zinayi ku yunivesite ankatiphunzitsa zimenezi pa bolodi, ndi choko. Lero ndazigwira ndi manja anga.

Ndatenga pulani yomwe likulu linavomereza chaka chatha, ndikulowetsa ntchito imodziimodzi. Zakwana 41. Masiku ndikukopera monga momwe alembedwera, osawonjezera, osachotsa.

A Gondwe, adalaivala athu, aima kumbuyo kwanga ndi kapu ya tiyi. "A Digiri, kodi kompyutayo ikumbanso maenje?" Ndaseka mwaulemu. Adzaona.

Zoti ndidzasinthe ndikalembedwa:

1. buku la mayi Phiri
2. tiyi wa maola awiri
3. mawu oti "tiona"

Lachiwiri

Tsiku la kamutu ka munthu. Ukadina, ukalemba imelo ya munthu, dzina lake limatulukira lokha. Dzina loyamba basi, lopanda "a", lopanda "bambo". Lero ndiye ndadziwa kuti a Mkandawire ndi Godfrey. Miyezi isanu ndili pano sindinamvepo munthu akulitchula, ndimayesa anabadwa ali kale a Mkandawire.

Kagawidwe kake:

- Godfrey: 19 (kusaina za simenti, kusaina za njerwa, kuitana makomiti a masukulu, kusaina kuti anasaina)
- mayi Phiri: 10
- a Gondwe: 8
- ine: 4

Sindinapeke ayi, ndi mmene zilili papepala. Chilichonse muno chimadikira cholembera cha munthu mmodzi. Simenti sagulidwa popanda siginecha, a Gondwe sanyamuka popanda simenti, amisiri sabwera popanda a Gondwe, ana a sukulu akuthamangirabe kuthengo.

Za abwana zonse ndaziika kambendera ka changu. Kabelu kakundifunsa kuti chikumbutso chizipita kangati: kamodzi kokha, pa sabata, kapena tsiku lililonse. Tsiku lililonse! Nthawi kasankha kokha, sikisi m'mawa. Zili bwino, munthu azidzuka akudziwa chochita.

Kaloko ndakamvetsa tsopano. Ukaimitsa kamuvi pamwamba pake pamatuluka mawu: kutseka pulani kuti masiku asasinthidwe. Ndendende matenda a ofesi ino, kusuntha masiku. Ndadina. Yandifunsa ngati ndatsimikiza. Ine kukayika sindikudziwa.

Sikirini yonse psuu. Ntchito 37 zafiira, chifukwa masiku ake anadutsa kalekale, zina mu Epulo, zina mu Meyi. Zanga zinayi zokha ndi zobiriwira. Kukongola kwake! Chiyambire ofesi ino, lero ndi koyamba kuti choonadi chikhale ndi mtundu.

Mayi Phiri asuzumira podutsa ndi ketulo. Akufunsa ngati abwana ndawauza. Ndikuti pulogalamu iwauza yokha, ubwino wake ndi umenewo. Andiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako apita kukatereka madzi. Anthu akale amaopa kusintha, tinalemba zimenezi pa mayeso a chaka chachitatu, ndinakhoza bwino.

Pobwerera ndagula mbatata yootcha pa depoti, ndadya ndikuyenda ngati munthu wolembedwa kale.

Lachitatu

Ndakumana ndi a Gondwe pa geti, akupukuta galimoto yomwe sinapite kulikonse sabata ziwiri. Andionetsa foni yawo. Mauthenga asanu ndi atatu, a Chingerezi, onse afika sikisi koloko. Uliwonse ukuyamba ndi moni ndi dzina lawo loyamba, ukunena kuti ineyo, dzina langa lonse, ndawapatsa ntchito, yachedwa masiku mwakutimwakuti, ndipo pansi pali chibatani chachikulu choti chitani pompano.

Sindimadziwa kuti imalemba chonchi. Ndimayesa kabeluko kamangolira.

"Ine palije suzgo, palibe vuto, a Digiri," akutero a Gondwe. "Dalaivala aliyense amamutuma. Koma adada aja alandira naintini. Anali kutsogolo ku tchalitchi, akutsogolera mapemphero a m'mawa, foni ili pa tebulo pafupi ndi maiki."

Eyiti koloko. Abwana alowa. Moni kwa mlonda. Moni kwa mayi Phiri, mpaka kufunsa za mwendo wawo. Moni kwa a Gondwe. Pa desiki langa adutsa ngati pali kabati. Chitseko cha ofesi yawo chatsekedwa. Sindimadziwa kuti chimatsekeka.

Mayi Phiri andiitanira ku kakhitchini. Sakukalipa, akutsuka makapu uku akuyankhula. Akuti muno munthu wamkulu sapatsidwa ntchito. Iwo akafuna siginecha amagogoda, amakhala pansi, amafunsa za BP ya amayi a kunyumba, amafunsa za chimanga cha kumunda ku Ekwendeni, kenako amati amakumbukira muja abwana ananenera kuti simenti akufunika msanga. Abwana sananenepo. Koma amavomera kuti inde ananenadi, n'kudabwa kuti kalata yake ikuchedwa kuti, ndiye mayi Phiri amaitulutsa m'buku. Zimatenga masabata atatu, koma zimasainidwa.

"Iwe wamutuma bambo wa msinkhu wa atate ako," akutero, "pa dzina lomwe anabatizidwa nalo, maulendo naintini, pamaso pa mpingo."

Ndikuti masabata atatu pa siginecha imodzi ndi chifukwa chake ana akupita kuthengo. Akuti zimbudzi ziwiri zomwe zaimazo zinamangidwa choncho, nanga kompyuta yamanga zingati. Yankho lilipo, koma ndi la Chingerezi ndipo ndi lalitali.

Teni koloko mpaka masana, kuyesa kuzimitsa:

- kabelu: ndingathe kuzimitsa kanga kokha, ta anthu ena tili mu kagiya
- kagiya: kotuwa
- kakalendala: ndinatseka ndekha dzulo, kiyi wake ali mu kagiya
- kabini: kotuwa
- timadontho titatu: ndalowa, ndapeza tina titatu, ndalowa, ndatulukira pomwe ndinayambira

Ndalembera bambo woona za makompyuta ku likulu, amene amatsegula kagiya. Yankho labwera nthawi yomweyo, lolembedwa kale: ali ku msonkhano ku Salima, abwerako Lolemba. Mutu wa msonkhanowo ndi kagwiritsidwe ntchito ka pulogalamu yomweyi.

Folo koloko ndagogoda kwa abwana. Mawu ochokera mkati: "Ndatanganidwa. Ndili ndi ntchito naintini."

Lachinayi

Afikanso. Naintini ena, masiku ochedwa awonjezekera ndi tsiku limodzi. A Gondwe awo awawerenga mokweza kwa mlonda, akumasulira m'Chitumbuka, onse akuseka mpaka kutsokomola.

Abwana sanabwere. Atumiza mawu kuti mutu ukuwapweteka. Mayi Phiri akuti mutu wa mtundu umenewu umatha kufika Lolemba. Mlendo akubwera mawa. Kalata yonena za kagwiridwe kanga ka ntchito, yomwe mayi Kachingwe akuyenera kutenga, ili mu diroo ya abwana, sinasainidwe.

Imeneyo pa 41 paja sindinaiike.

Njira zomwe zatsala:

1. Kuchonga kuti zonse zatha. Zifiirazo zisanduka zobiriwira, mauthenga asiya. Kenako mayi Kachingwe apempha kuti tikaone zimbudzi khumi ndi ziwiri, tikawaonetsa achule.
2. Kusiya mmene zilili. Mawa naintini ena, ndipo pa khoma, pamaso pa mlendo, Godfrey wofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Abwana sabwera, kalata sisainidwa.
3. Kamutu ka munthu. Ndi kokhako komwe kakudinikabe. Kuchotsa maina a eni ake, kuika langa.

Ndasankha yachitatu. Ndi ya tsiku limodzi basi. Mawa ndiwatengera mayi Kachingwe pambali n'kuwafotokozera. Ndi munthu wophunzira, amva. Mwina aonanso kuti ndili ndi nzeru zothetsera mikangano.

Thuu koloko magetsi azima. Netiweki ya ofesi yapita nawo. Ndalumikiza laputopu ku foni yanga, bando yanga yomwe. Kusintha imodziimodzi: dina kamutu, chotsa, lemba, dikira kuti izungulire, tsimikiza. Maulendo 37. Njira yosinthira zonse pakamodzi iyenera kuti ilipo, mwina mu timadontho ta timadontho, koma batire ikutsika mofulumira kuposa ine.

Za mayi Phiri ndi a Gondwe ndachotsanso, kuti pasaoneke tsankho. A Gondwe adandaula. Akuti anayamba kuwazolowera mauthengawo, palibe munthu wina amawapatsa moni m'mawa chonchi.

Ndamaliza batire ili pa folo peresenti. Mayi Phiri aimbira abwana, ine ndili chilili pambali ngati mwana woswa mbale. Mphindi khumi za BP. Zisanu za chimanga. Kenako akuti makina aja analakwitsa, mwanayu wawakonza, sadzaliranso. Ku mbali ya abwana ndamva mawu amodzi okha: "Yewo."

Makina analakwitsa. Ndameza.

Lachisanu

Sikisi koloko, ndikusamba, foni yayamba kunjenjemera pa mpando mpaka yagwa pansi. Mauthenga 37. Moni, dzina langa. Ine ndadzipatsa ntchito, ndachedwa nayo masiku 68, ndichite pompano. Ndawerenga atatu ndili ndi sopo kumaso. Amapweteka ndithu.

Ku ofesi kwakolopedwa. Maluwa a pulasitiki atuluka mu kabati. Abwana abwera ndi suti, akumwetulira, andipatsa moni wa manja awiri, akuti mwawuka uli mwana wane. Mtima wakhala pansi pang'ono.

Mayi Kachingwe afika teni. Tsitsi lalifupi, nsapato zosalira, makiyi a galimoto m'manja. Akuyendetsa okha! Ndi munthu amene ndikufuna kudzakhala. Akuti ali ndi ola limodzi, akufuna adutse Chikangawa chifunga chisanatseke msewu. Tiyi akana. Zowatengera pambali zafera pomwepo.

Ndayatsa pulojekita, ndayamba kufotokoza timabatani kuchokera kumanzere. Ndili pa kambendera, apempha laputopu. Adina timadontho titatu, tina titatu, kenako kanthu kena komwe sabata yonseyi sindinakaone. Pa khoma patuluka chithunzi cha mizati, mzati umodzi munthu mmodzi.

Godfrey: palibe kanthu.
Mayi Phiri: palibe.
A Gondwe: palibe.
Ine: chimzati chofiira kuchokera pansi mpaka pa kalendala wa pakhoma.

Afunsa kuti dzinali ndi la ndani. Ndakweza mkono ngati m'kalasi. Afunsa chifukwa chake intani ali ndi ntchito yosaina za simenti, yoyendetsa galimoto, ndi yoitana makomiti. Afunsa ngati ndinalandidwa kapena ndinapatsidwa.

Mayi Phiri akuwerenga buku lawo lotseka. A Gondwe akuyang'ana pa windo. Abwana akuyang'ana ine, mwachifundo, dzanja lili pa envelopu ya kalata yanga. Yankho ndinalikonza m'mawa mu minibasi, la Chingerezi chabwino, lili pakamwa penipeni. Kulinena ndiye kuwavula bambo awa kachiwiri sabata imodzi, pamaso pa mlendo wa ku Lilongwe, wamng'ono kwa iwo.

Chomwe chatuluka: "Ndinalakwitsa polowetsa, amayi."

"Mwanayu ndi wakhama chomene," akutero abwana. "Vuto lake amafuna kusenza zonse yekha. Tikumuphunzitsa pang'onopang'ono."

Mayi Kachingwe alemba. Ayamikira abwana kuti tebulo lawo ndi loyera, maofesi ena satero. Kwa ine ayankhula mofatsa, mpaka andigwira paphewa. Akuti khama ndi labwino, koma udindo wa ofisala umafuna munthu wodziwa kugawira ena ntchito, wosaopa kuuza ngakhale wamkulu chochita. Akuti achinyamata ambiri mantha ndi amene amatipha. Malowo awalengeza mu nyuzi, ndili ndi ufulu wofunsira ngati wina aliyense. Mwezi uno ndimalize.

Kalata yanga atenga, aiika m'chikwama osatsegula.

Leveni koloko galimoto yawo yatuluka pa geti. Mandasi omwe anagulidwira mlendo tagawana. A Gondwe andipatsa awo. Ndi mandasi amenewo omwe andiliritsa, kuseri kwa ofesi, pafupi ndi jenereta.

Loweruka

Kamvula kamawawa kuyambira m'mawa. Ndachapa, ndayanika mkati, palibe chouma. Chipinda chikununkha ngati thumba lonyowa.

Ndatsegula pulogalamu pa foni, sindikudziwa chifukwa chake. Pa foni timabatani tasanjidwa mwina. Mu mphindi zisanu ndapeza:

- kabokosi kosankhira ntchito zonse pakamodzi
- kawotchi kakang'ono koonetsa mbiri yonse, yemwe anasintha chiyani, liti

Ndiye kuti umboni ulipo! Ndadumpha, ndayamba kulemba imelo kwa mayi Kachingwe. Masamba awiri. Ndajambula mbiriyo, ndaphatikiza.

Ndawerenganso ndi maso awo. Lachiwiri intani anapatsa mkulu wa ofesi ntchito naintini osamuuza. Lachinayi, mlendo atatsala pang'ono kufika, intani yemweyo anachotsa maina onse kuti likulu lisaone amene akuchedwetsa ntchito. Lachisanu atafunsidwa ananama. Zonse ndi zoona, ndipo kawotchiko kalemba ndi nthawi yomwe.

Panopa akundidziwa ngati wamantha. Ndikatumiza adzandidziwa ngati wachipongwe, wobisa, ndi wabodza. Ndafufuta. Kabini ka imelo kamadinika bwinobwino.

Masana amalume aimba kuchokera ku Mponela. Sanamve kanthu, akungofunsa moyo. Akuti agula sikelo yatsopano, ya manambala, yamagetsi, ili ndi mabatani ambiri ndipo palibe akuimvetsa pa golosale. Akuti zimenezi zimafuna munthu wa digiri. Ndawauza kuti za kuno akuganizirabe.

Lamulungu

Mauthenga 37. Kabelu kanga ndinaiwala kuzimitsa, ndipo pulogalamuyi sidziwa Sabata.

Ndapita ku tchalitchi cha ku Geisha ndi mnzanga wa chipinda choyandikana, kuthawa fungo la zovala. Sindinafunse kuti mkulu wa mpingo kumeneko ndi ndani. Zolengeza akuwerenga a Mkandawire, mawu awo okoma aja, osathamanga. Zina mwa zolengezazo: mafoni onse azizimitsidwa polowa m'nyumba ya Mulungu, ndi lamulo latsopano. Mitu ingapo yagwedezeka kuvomereza.

Potuluka andiona. Sanandidutse. Andiitana, andionetsa kwa amayi a kunyumba kwawo kuti uyu ndi uja wa ku ofesi. Amayiwo andigwira dzanja nthawi yaitali, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Akuti ankayesa ndine wamkulu thupi.

Abwana akuti ndisadandaule, ntchito zimabwera, ndikamadzafunsira malo aja adzandinenera zabwino. Ndikuganiza kuti akunena zoona, n'chimene chikuwawa. Kenako atsitsa mawu. Akuti mayi Kachingwe anaimba dzulo, akufuna zofiira zija zitatha mwezi usanathe, ndiye mawa ndilawirire.

"Ndi zako zonse, mwana wane. Si dzina lako lili pamenepo?"

Ntchito 37, masiku khumi ndi awiri. Galimoto sindidziwa kuyendetsa. Siginecha yanga sigula simenti ngakhale thumba limodzi. Makomiti a masukulu ndikawaitana ine adzafunsa kuti ndine mwana wa ndani.

Ndayankha kuti yewo, bwana. Ndapezeka ndapinda bondo, pabwalo la tchalitchi, m'matope, dzanja lamanzere litagwira chigongono. Palibe anandiuza. Bondo lachita lokha.